Chifukwa chake Michael Myers sakufa

Michael Myers wafa kambiri. Mu filimu ya 1978 anamuwombera zipolopolo 6 n'kugwa kuchokera pakhonde la m'mwamba, koma pamene dokotala wake anasuzumira pansi anapeza palibe munthu. Mu 1981 anapsa na moto m'chipatala. Mu 1998 Laurie Strode anamudula mutu na nkhwangwa, ndiye mu 2002 n'kutiuza kuti amene anadulidwa mutu uja anali munthu wina amene Michael anamuveka chigoba chake. Mu 2022 thupi lake analiponya m'chimakina chophwanya zitsulo, tauni yonse ikuona. Mafilimu a Halloween manje akwana 13, ndipo palibe wa ife angabetche ngakhale K10 kuti ya nambala 14 siidzabwera.

Ambiri a ife tinabadwa filimu yoyamba ija itakalamba kale, koma nkhope yotuwa ya Michael timaidziwa. Timadziwanso chipewa na zala za mipeni za Freddy Krueger, chigoba chamabowo cha Jason Voorhees, na kadoli kofiira tsitsi kotchedwa Chucky. Nanga n'chifukwa chiyani Hollywood, na ndalama zake zonse, imabwerera kwa akupha omwewo zaka 40 na kuposapo? Mbiri ionetsa kuti pali zinthu ziwiri zimene zimawaukitsa: kampani imene ili na umwini wa dzina na nkhope, komanso anthu amene anawaopa ali ana ndipo manje akuyewa ubwana wawo. Zinthu ziwirizi zinakumana kalekale, Michael asanabadwe.

Zilombo za Universal

Mu 1931, America ili pakati pa njala ya ndalama na kusowa kwa nchito, kampani ya Universal inatulutsa Dracula, ya Bela Lugosi, na Frankenstein, ya Boris Karloff. Nkhani zonse ziwiri zinachokera m'mabuku akale a ku Britain: la Mary Shelley la 1818 na la Bram Stoker la 1897. Koma nkhope ya chilombo cha Frankenstein imene dziko lonse limadziwa, ya mutu wophwatalala pamwamba na zitsulo m'khosi, siili m'buku. Anaipanga ni Jack Pierce, wodzola osewera ku Universal. Lero aliyense angapange filimu kuchokera m'buku la Shelley popanda kulipira, koma nkhope ya Pierce ni katundu wa kampani. Pamenepa ndiye panayambira nzeru yakuti chilombo ni chuma.

Pofika 1936 Universal inali itasiya mafilimu oopsa. Mu 1938 mwini sinema ina m'dera la Los Angeles anabwereka Dracula na Frankenstein pamtengo wotsika n'kuwaonetsa pamodzi. Anthu anafola mizere yaitali kudzatamba mafilimu a zaka 7 zapitazo. Universal itaona zimenezi inawatumizanso m'masinema a dziko lonse, ndipo mu 1939 inatulutsa Son of Frankenstein. Kuchokera apo zilombo zinayamba kuchezerana. Mu 1943 chilombo cha Frankenstein chinamenyana na Wolf Man, ndipo mu 1948 Dracula, Wolf Man na chilombo chija anaoneka m'filimu yoseketsa ya Abbott na Costello. Panangopita zaka 17 kuti chimene chinali kuopseza anthu chiyambe kuwaseketsa.

Zikanathera pamenepo, koma TV inabwera. Mu 1957 mafilimu 52 akale a Universal anagulitsidwa ku masiteshoni a TV, amene anali kuwaonetsa usiku kwambiri. Ana amene sanawaonepo m'sinema anawapeza m'nyumba mwawo. Mu 1958 kunayamba magazini ya Famous Monsters of Filmland, yodzaza zithunzi za zilombozi, ndipo pofika 1971 Dracula na Frankenstein anali atasanduka tuzithunzi toseketsa pamabokosi a chakudya cham'mawa cha ana, Count Chocula na Franken Berry. Ana a m'badwo umenewo ndiwo anadzakula n'kupanga zoopsa zatsopano. Stephen King anabadwa mu 1947, John Carpenter mu 1948.

Wakupha asamukira pafupi

Zilombo za Universal zinali kukhala kutali, m'nyumba zamiyala za ku Europe. Mu 1960 Alfred Hitchcock anabweretsa mantha pafupi na Psycho, mmene wakupha ni Norman Bates, mnyamata wamanyazi woyang'anira nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu. Mu 1974 Tobe Hooper anatulutsa The Texas Chain Saw Massacre, na Leatherface wake wochokera m'banja la anthu amene anali kugwira nchito yopha ng'ombe. Ndiye mu 1978 Carpenter na Debra Hill anaika wakupha pakati pa nyumba zabwino za tauni yopeka ya Haddonfield, m'misewu yamitengo mmene makolo anali kuganiza kuti ana awo ni otetezeka.

Halloween inapangidwa na ndalama zochepa, madola pafupifupi 300,000, koma inabweza mamiliyoni makumi angapo. Ngakhale chigoba cha Michael sichinali chodula. Anagula m'sitolo chigoba cha Captain Kirk wa mu Star Trek pamtengo wosakwana madola 2, n'kukulitsa mabowo a maso, n'kuchipaka penti yoyera. Carpenter nayenso anali kuyewa zakale. Dokotala wa Michael anamupatsa dzina lakuti Sam Loomis, lotengedwa mu Psycho, ndipo mtsikana wazaka 19 amene anasewera Laurie, Jamie Lee Curtis, ni mwana wa Janet Leigh, mayi amene anaphedwa m'bafa mu Psycho. Tikumbukire zimenezi, chifukwa zionetsa kuti munthu angatenge zimene anakonda ali mwana n'kupanga nazo chinthu chimene kunalibe.

Ndalama za Halloween zinaitana ena. Mu 1980 Sean Cunningham anatulutsa Friday the 13th, ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti Jason sindiye wakupha mu filimu yoyambayo. Ni amayi ake, Pamela Voorhees, amene akubwezera imfa ya mwana wawo amene anamira m'nyanja oyang'anira ana atamutayirira. Jason wamkulu anaonekera mu Part 2 mu 1981 atavala saka kumutu, ndipo chigoba cha masewera a hockey anachipeza mu Part 3 mu 1982. Nkhope imene timaiona ngati chiyambi cha zonse inabwera pa filimu yachitatu.

Mu 1984 Wes Craven anabweretsa Freddy Krueger mu A Nightmare on Elm Street. Craven anakamba kuti maganizo ake anawatenga m'nyuzipepala ya Los Angeles Times, imene inalemba za anyamata othawa nkhondo ochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia amene anali kufa ali m'tulo. Freddy ni munthu wopha ana amene makolo anamutentha okha, n'kubisa nkhaniyo. Iye amabwerera m'maloto a ana awo, ndiye ana akulipira mlandu umene makolo akana kuukamba. Mu 1988 Don Mancini anapanga Chucky panthawi imene makolo ku America anali kulimbirana zidoli zodula m'masitolo, ndipo cholinga chake china chinali kuseka mmene makampani amatsatsira malonda kwa ana. Aliyense wa akupha amenewa, pamene anali watsopano, anali kunyamula mantha enieni a nthawi yake.

Anthu anafuna nkhope

Carpenter na Hill sanafune kuti Michael akhale mpaka kalekale. Mu 1982 anatulutsa Halloween III, nkhani ina yosiyaniratu, yopanda Michael, poganiza kuti chaka chilichonse kudzikhala nkhani yatsopano pansi pa dzina limodzi. Otamba anakwiya, ndalama zinachepa, ndipo mu 1988 kunabwera Halloween 4 yokhala na mawu akuti Michael Myers wabwerera pamutu pake penipeni. Kwa Jason zinachitika chimodzimodzi. Filimu yachinayi ya 1984 anaitcha chaputala chomaliza ndipo anamupha. Yachisanu ya 1985 inaika munthu wina m'chigoba, anthu anadandaula, ndiye mu 1986 Jason anaukitsidwa m'manda na mphezi, monga mmene magetsi anaukitsira chilombo cha Frankenstein. Paramount inatulutsa mafilimu 8 a Friday the 13th pakati pa 1980 na 1989.

Phunziro limene makampani anatengapo n'lakuti anthu sabwerera kudzamva nkhani, amabwerera kudzaona nkhope imene aidziwa. Koma nkhope imene waiona kasanu na katatu siikuopsanso. Freddy, amene Robert Englund anamusewera m'mafilimu 8, anasanduka wanthabwala. Mu 1988 anali na pulogalamu yake pa TV, anaimba nawo nyimbo ya rap na gulu la The Fat Boys, ndipo m'masitolo munali zidoli zake. Mu September 1991 meya wa Los Angeles, Tom Bradley, analengeza tsiku la Freddy Krueger, tsiku lolemekeza munthu wopeka amene nchito yake ni kupha ana, ndipo anthu ena anatsutsa kwambiri. Jason anapita ku New York mu 1989, kenako m'chombo cha mumlengalenga cha m'chaka cha 2455. Mu 2003 Freddy na Jason anamenyana mu filimu imodzi, zaka 60 ndendende kuchokera pamene Wolf Man anamenyana na chilombo cha Frankenstein. Njira ni yomweyo: mantha, kuzolowera, kuseka, kenako kugona pang'ono.

Tepi inawafikitsa kwa ife

Chimene TV inachitira zilombo za Universal, tepi ya vidiyo inachitira Jason na Freddy. JVC inatulutsa VHS mu 1976, ndipo m'zaka za m'ma 1980 masitolo obwereketsa matepi anadzaza America na Europe. Mwana amene sakanaloledwa kulowa m'sinema anali kupeza tepi kwa mkulu wake, n'kuitamba kakhumi. Ku Britain akuluakulu anachita mantha mpaka mu 1984 anakhazikitsa lamulo loti filimu iliyonse ya pa tepi iziyamba yaunikidwa.

Tepi yomweyo ndiyo inawabweretsa kwathu. M'makomboni a Lusaka na ku Copperbelt anafika kudzera m'ma video show, tuzipinda ta mabenchi na TV imodzi kutsogolo, pakati pa mafilimu a Rambo na a karate. Kenako kunabwera ma DVD a pamsika, mafilimu ambiri pa disiki imodzi, ndipo pambuyo pake ma flash na mafoni. Sitinawatambe mwadongosolo. Wina anayambira pa Part 6, wina pa Bride of Chucky ya 1998, imene ni nthabwala kale. Tikamakamba za mafilimu amenewa lero, kambiri sitikamba za nkhani yake. Timakamba za amene tinali naye pabenchi, za ulendo wobwerera kunyumba mumdima, za mmene tinali kuopera kupita kuchimbudzi cha panja usiku umenewo. Chilombo chinasanduka chizindikiro cha nthawi imene tinali ang'ono.

Malonda a kuyewa

Azungu ali na liwu la zimenezi, nostalgia. Analipanga mu 1688 ni Johannes Hofer, wophunzira udokotala, pofotokoza matenda a anthu a ku Switzerland, makamaka asilikali, amene anali kudwala chifukwa choyewa kwawo ali kunja. Kwa zaka zambiri madokotala anali kuona kuyewa ngati matenda ofuna mankhwala. Hollywood inaona kuti ni msika. Mwana amene anaopa Freddy ali na zaka 12 amakhala na malipiro ake akafika zaka 40, ndipo ena mwa anzake amakhala atafika pamipando yosankha filimu yoti ipangidwe. N'chifukwa chake zinthu zimabwerera pakapita zaka pafupifupi 30. M'buku la It la Stephen King, la 1986, ubwana wa anthu ake uli mu 1957 na 1958. Filimu ya 2017 inausamutsira ku 1988 na 1989, ubwana wa amene anali kugula matikiti, ndipo inapeza madola oposa 700 miliyoni.

Wes Craven anaika kuyewa kumeneku mkati mwa nkhani. Mu Scream ya 1996, achinyamata ake anakulira pa matepi a mafilimu oopsa ndipo amadziwa malamulo ake. Pachiyambi penipeni wakupha aimba foni kwa mtsikana n'kumufunsa amene anali kupha anthu mu Friday the 13th. Mtsikanayo ayankha kuti Jason, ndipo walakwa. Otamba amene anadziwa yankho anamva ngati filimu ikukamba na iwo.

M'zaka za m'ma 2000 makampani anayesa kupanganso mafilimu akale na osewera atsopano: Texas Chainsaw mu 2003, Halloween mu 2007, Friday the 13th mu 2009, Nightmare mu 2010. Ndalama zinabwera, koma Freddy wopanda Robert Englund sanapeze Part 2. Mu 2018 anapeza njira ina. Halloween ya David Gordon Green inafufuta mafilimu onse a pakati, n'kupitiriza kuchokera pa 1978, na Jamie Lee Curtis wazaka 59 monga agogo amene akhala zaka 40 akuyembekezera Michael na mfuti. Carpenter anabwerera kudzaimba nyimbo yake ya piyano ija. Filimuyo inadya madola 10 miliyoni n'kubweza oposa 250 miliyoni. Anthu anabwera kudzaona Michael, koma anabweranso kudzaona munthu amene wakalamba pamodzi na iwo.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mu 2021 zinamveka kuti Universal yalipira madola pafupifupi 400 miliyoni kuti ipange mafilimu atatu opitiriza The Exorcist ya 1973. Yoyamba inatuluka mu 2023, na Ellen Burstyn wazaka 90 atabwerera pamalo ake akale. Olemba za mafilimu anaikana, ndalama sizinafike pamene anali kuyembekezera, ndipo dongosolo la mafilimu atatu linasiyidwa. Dzina lakale na wosewera wakale sizinakwane pamene nkhani inalibe chokamba.

Ngati tifuna umboni wakuti umwini ndiwo mpweya wa akupha amenewa, tione Jason. Nkhwangwa, moto na madzi zinalephera kumuletsa, koma khoti linakwanitsa. Lamulo la ku America limalola wolemba kutenganso umwini wa nchito yake pakapita zaka 35. Victor Miller, amene analemba filimu ya 1980, anachita zimenezo, ndipo anapambana kampani ya Cunningham m'khoti mu 2018 na pa apilo mu 2021. Vuto linali lakuti Miller analemba za amayi a Jason na kamwana komira m'nyanja, pamene Jason wamkulu wa chigoba anabwera m'mafilimu otsatira amene sanalembe iye. Chilombo chinagawika pakati, ndipo zaka zoposa 15 zinapita kuchokera 2009 popanda filimu yake m'sinema.

Kubwerera kuli na phindu liti?

Sikuti kubwerera konse n'kwachabe. Candyman ya 1992 inaika mzukwa wa Tony Todd ku Cabrini-Green, nyumba za boma ku Chicago mmene munali kukhala anthu akuda osauka. Mzukwawo ni wa munthu wakuda wojambula zithunzi amene gulu la azungu linamupha mwankhanza chifukwa chokondana na mkazi wachizungu. Nyumba yomaliza yaitali ya ku Cabrini-Green inagwetsedwa mu 2011, ndipo malowo anayamba kudzaza nyumba zodula. Pamene Nia DaCosta anabwerera ku nkhaniyi mu 2021, anaitenga kuchokera pamenepo: anthu osauka achotsedwa, apolisi akupitiriza kupha anthu akuda, ndipo dzina la Candyman lakhala la amuna ambiri ophedwa popanda mlandu. DaCosta anakhala mkazi wakuda woyamba kukhala na filimu yoyambira pa nambala 1 m'masinema a ku America. Iye anabwerera chifukwa malo ndi anthu ake anali atasintha, ndipo panali chatsopano chokamba.

Ku Africa nakonso njirayi yayamba. Living in Bondage ya 1992, ya Kenneth Nnebue, inajambulidwa pa vidiyo m'chinenero cha Igbo n'kugulitsidwa pa matepi. Nkhani yake ni ya Andy Okeke, amene apereka mkazi wake nsembe kuti alemere, kenako mzukwa wa mkaziyo umusowetsa mtendere. Filimu imeneyi ndiyo inatsegula njira ya mafilimu a ku Nigeria a zamatsenga na ndalama zamagazi amene anadzadzaza m'nyumba zathu, Part 1 na Part 2 yake. Mu 2019, patapita zaka 27, Ramsey Nouah anatulutsa yopitiriza, yokamba za mwana wa Andy, ndipo Kenneth Okonkwo na Kanayo O. Kanayo anabwerera pamalo awo. Mu 2020 anapanganso Nneka the Pretty Serpent. Lagos yaphunzira chimene Universal inaphunzira mu 1938.

Kuyewa zakale si mlandu, ndipo Michael akadzabweranso ambiri a ife tidzamutamba. Chofunika kudziwa n'chakuti tikatero sitikugula mantha, tikugula kukumbuka, ndipo wogulitsa amadziwa zimenezi kuposa ife. Mantha enieni amachokerabe kwa atsopano. Mu 2017 Jordan Peele anapanga Get Out na madola 4.5 miliyoni, popanda chigoba chakale chilichonse, n'kupeza oposa 250 miliyoni na mphoto ya Oscar ya wolemba. Iye anakulira pa mafilimu omwewo a Carpenter na Craven, koma anawagwiritsa nchito pokamba za chimene chimamuopsa iye monga munthu wakuda ku America.

Aliyense wa akupha amene timawayewa anayamba motero, wotchipa ndiponso wosadziwika, wopangidwa na munthu amene anayang'ana pafupi na kwawo. Chigoba cha madola 2, nkhani ya m'nyuzipepala, kamera ya vidiyo ku Lagos. Foni imene tikuwerengera nkhani ino imajambula bwino kuposa kamera imene inajambula Living in Bondage, ndipo zoopsa sitikusowa: nkhani za satanism zimene zinali kuzungulira m'masukulu ogonera, mphekesera za chuma chosadziwika kumene chachokera, mantha a gassing a 2020 amene anapangitsa kuti anthu osalakwa aphedwe na magulu a anthu okwiya. Ana amene ali na zaka 12 lero adzakhala na malipiro awo m'ma 2050, ndipo adzalipira kuti aonenso chimene chinawaopsa. Kaya chidzakhala Michael wa nambala 20 kapena chilombo cha ku Chawama, zidalira amene agwire kamera zaka zino.